Cheza M'nyumba mwa Telala

Telala anavala majumbo m'manja monse asanagwire kapu ya bambo ake. Anaitsukira kuseri kwa nyumba, m'beseni lakelake, madziwo n'kukawataya kutali ndi chingwe choyanikapo zovala. Pathupi pake panali patakula moti kuwerama inali ntchito, koma zimenezi sankafuna kusiyira munthu wina.

Bambo akewo, amene anakalambira pa chiwongolero cha malole, anali atawapeza ndi khansa yakummero. Achipatala anati azipita tsiku ndi tsiku kukawotcha chotupacho ndi makina otulutsa cheza. Tsiku lokapimidwa Telala anawaperekeza, ndipo anabwerako atawalemba timizere ta inki pachifuwa, posonyeza podzawotcha. Madzulo ake m'pamene mayi woyandikana naye nyumba anatulukira, foni ili m'manja.

"Asisi, mwamva? Cheza chimenechi n'chomwe chija cha magetsi a nyukiliya, chimene chikapulumuka mzinda wonse umasamuka. Munthu akalowa m'makinamo amatuluka nacho m'thupi. Inu ndi pathupi panupa, mukufuna mudzabereke chiyani?"

Anayamba kumuonetsa zithunzi za makanda opunduka zimene anthu ankatumizirana. Telala anangoona chimodzi, n'kugwira pamimba. Bambo ake anali pakhonde akukonza wailesi yawo, ndipo sanatukule mutu.

Kutacha Telala anawasamutsira bambowo m'kachipinda kosungiramo zidutswa za nsalu. Anawapatulira mbale, supuni, sopo ndi mpando. Mwamuna wake atati mwina ndi bwino kuyamba afunsa kuchipatala, iye anamudula pakamwa.

"Ndani angavomere kuti makina ake ndi oopsa? Mwanayu akadzabadwa wopanda manja, adzalera ndi iwowo?"

Mwamunayo anangotuluka.

Nkhani ilibe miyendo koma imathamanga. Makasitomala anayamba kubwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, akuimira pageti. Wina anatuma mawu akuti diresi lakelo angolitentha. Wometa wa pakona, amene anawameta bambowo zaka zonsezi, anati makina ake afa. Anthu podutsa pakhomopo ankawolokera tsidya lina la msewu, ena atatseka mphuno.

Bambowo sanadandaule. M'mawa uliwonse ankavala jekete lawo, kupukuta nsapato n'kunyamuka. Zowaperekeza ankakana.

"Iwe khala. Kumene kuja si kwa munthu woyembekezera."

Ankabwerako masana, nkhope itada ngati yawauka, milomo itauma gwa. Telala ankawalonjera ataima patali.

"Mwayendako bwanji, ababa?"

"Bwinobwino, mwanangu. Magetsi akazima muzingondikhazika pabalaza, ndizikuunikirani."

Palibe ankaseka.

Ndiye bambowo anayamba kutha akuona. Kolala ya malaya inatsala ikulendewera m'khosi. Chakudya chinkabwerera, kenako ngakhale madzi omwe. Mawu aja, amene kale ankamveka mpaka kumsewu, anasanduka manong'onong'o. Telala sanafune womuuza: makina aja ankawawotcha bambo ake amoyo. Ndipo ngati ankatha chonchi munthu wamkulu, kuli bwanji kamwana kosabadwa?

Tsiku lina anawasuzumira pachitseko akulimbana ndi batani la malaya, zala zikulephera kulilowetsa. Manja omwewo ndi amene ankamupesa tsitsi ali kamtsikana, mayi ake atamwalira, kumukoka mpaka misozi koma osalola kuti apite kusukulu ali nyankhalala. Mtima unati lowa ukawamangire. Mapazi anakana pakhomo pomwepo. Anabwerera pamakina ake osokera n'kumapalasa popanda nsalu, kuti kulira kwake kusamveke.

M'mawa wotsatira bambowo analephera kudzuka. Telala anawakankhira kapu ya madzi ndi mtengo watsache, n'kutsimikiza mumtima kuti kuchipatala kuja sadzapondakonso. Akuchapa nsalu zawo zofunda, majumbo ali m'manja, anamva odi pageti. Anali namwino, atavala yunifolomu, ndipo anati wachokera ku wodi ya odwala khansa.

Telala sanamupatse ndi mpando womwe.

"Mwabwera kudzaona ntchito ya manja anu? Lowani mukaone! Munthu anapita kwanuko akuyenda yekha, lero akulephera kumeza madzi. Mwawawotcha bambo anga ngati chikuni. Anthu atithawa, ntchito yanga yafa, ine mwana wawo sindingawagwire n'komwe. Mankhwala ake amenewo?"

Namwinoyo anamusiya mpaka mpweya unamuthera. Anayang'ana majumbo aja, n'kuyang'ananso beseni lili palokhalo.

"Mayi, makina athu ali ngati babu. Akazima, zathera pomwepo. Wodwala satuluka ndi cheza, ngakhale pang'ono. Mukhoza kudya naye mbale imodzi, akhozanso kunyamula khanda. Si zimenezi tinawauza bambo anu?"

"Zimenezo muzikauza ena! Nanga chawatha chonchi n'chiyani?"

Namwino anatsitsa mawu.

"N'chimene ndabwerera, mayi. Foni yawo sikugwira, ndipo ife takhala tikuwadikira. Chiwalembereni timizere tija, bambo anu sanagonepo pamakina athu ngakhale kamodzi."

M'kachipinda muja munamveka chifuwa, kenako kamawu kosasa.

"Ndimathera pageti la chipatala, mwanangu. Ndikanabwera nacho bwanji m'nyumba muno, iwe uli chonchi?"