Nthawi Imene Anatchera Malemu

Chala cha mayi wa makompyuta chinaima pamwamba pa batani.

Vuto anali atalipeza. Masana aliwonse netiweki ya pachipatalapo inkayenda ngati nanzikambe, chifukwa seva, kompyuta yaikulu ya pamalopo, inkakhala ikukopera mafayilo onse kuti asungike. Amene anatchera nthawiyo anali malemu amuna ake, omwe ankagwira nawo limodzi ntchitoyi, kale pomwe anthu ankatseka maofesi kukadya. Makina akayamba kulemera, ankasuzumira pakhomo n'kunena, "Mayi, seva ikuti tikadye."

Dzina lawo linali likadali pasikirini, monga munthu womaliza kusintha nthawiyo. Akangoisuntha, lichokapo.

Namwino wamkulu analowa osagogoda. "Achemwali, zotsatira za magazi sizikutseguka. Mwana wakomoka pabenchi uko, inu mwangoti duu?"

"Ndamva."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

Mayiyo anasunthira ntchito yokopera mafayilo ija ku nthawi ya usiku, n'kudina batani. Dzina la amuna ake linafufutika, panabwera lake. Kukhonde makina osindikizira anayamba kulira, namwino n'kuthamangira komweko.

Mawa lake masana netiweki inathamanga bwinobwino. Mayiyo anangokhala pampando, chakudya chikuzizira m'chikwama. Panalibenso womuuza kuti akadye.