Khofi wa Joan

Bambo wa chikhoti chotuwa uja anali atabweranso. Anakhala pakona pafupi ndi zenera, kabuku kali pabondo, ndipo Joan atangolowa anadzutsa mutu n'kulemba kanthu. Limeneli linali tsiku lachitatu lotsatizana akuchita zimenezi.

Joan anasasa chipale chofewa kunsapato n'kukakhala pampando wake wa masiku onse, pafupi ndi khomo lakuseri. Chikhoti sanavule.

Kwa Marlys sikuli ngati kwina kogulitsira khofi. M'tauni yathu ino ya kumpoto kwa Minnesota muli malo ena awiri, otchipirapo, koma anthu amangowadutsa. Marlys Haugen amadziwa amene dokotala anamuletsa shuga, amene galu wake akudwala, ndi amene safuna kulankhulitsidwa asanamwe kapu yoyamba. Ukabwera maulendo makumi atatu amakuumbitsira kapu yakoyako yadothi, ya dzina lako, n'kuikoloweka pamsomali kukhoma. Zithunzi za makasitomala ake amaziika pa intaneti tsiku ndi tsiku. Ndi mayi wa mtima wabwino, ineyo ndimamukonda, koma pakamwa pake palibe chitseko.

Dzina lenileni la Joan linali Corinne. Miyezi inayi m'mbuyomo anathawa mwamuna wake, Wade, ali ndi nthiti ziwiri zothyoka, chikwama chimodzi ndi mwana wake Tessa, wa zaka zisanu ndi zinayi. Anayenda masiku awiri pa basi. Anasintha dzina, anadula tsitsi, foni anaitaya mumtsinje. Ngakhale khofi anasintha. Kwawo ankamwa wa mkaka, wothira uchi ndi sinamoni pang'ono, koma kuno ankaitanitsa wakuda bii, wowawa, n'kumameza modzikakamiza. Marlys akafuna kumujambula, iye ankakana. Pobwera kwa Marlys sankadzera msewu waukulu, ankadutsa kanjira ka kuseri kwa tchalitchi.

M'mawa wa Loweruka limenelo Tessa anatsala kunyumba ndi chimfine, atalonjeza kuti satsegulira aliyense. Ankamvera ndithu mwana ameneyu, kungoti sipankapita tsiku osafunsa kuti adadi abwera liti.

Bambo uja anamuyang'ananso. Sankayang'ana nkhope, ankayang'ana manja, n'kulemba.

Wade anali ndi anzake oti angathe kudutsa dziko lonse chifukwa chongogulidwa mowa, ndipo Joan sanakayike kuti ameneyu anali mmodzi wa iwo. Anayamba kuwerengera mumtima: kuchoka pampando kufika pakhomo lakuseri, mapazi asanu. Kuthamanga mpaka kunyumba, mphindi khumi. Basi yopita kum'mawa imanyamuka 11 koloko. Chikwama chinali chopakira kale kunsi kwa bedi, sanachimasulepo chifikireni.

Khofi wake, amene masiku onse ankafika iye asanakhale n'komwe, lero anachedwa. Marlys ankatakataka kuseri kwa kauntala atamufulatira, akumwetulira yekha. Zimenezinso zinamusowetsa mtendere.

Kenako bamboyo anaimirira. Anali wamtali kuposa mmene ankaonekera atakhala, ndevu zosapesa, zala zikuluzikulu zong'aluka. Analunjika kwa Joan, dzanja atapisa m'thumba la chikhoti. Joan anaponya maso kukhomo lakuseri.

"Achimwene, mumupha mwana ndi mantha ndi nkhope yanu yachimbalangondoyo," anatero Marlys. "Joan, mwana wanga, usawaope awa. Ndi achimwene anga a Orrin, oumba makapu onse ukuwaonawa. Kupereka moni anakuiwala m'mimba mwa amayi."

Orrin anatulutsa dzanja m'thumba muja. Munali kachingwe koyezera.

"Pepani, mayi," anatero motsitsa mawu. "Ndimafuna ndione mmene mumagwirira kapu. Ndinu wamanzere, komanso mumapisa zala zitatu. Chogwirira chiyenera kukwana dzanja la mwini wake."

"Lero wakwanitsa maulendo makumi atatu," anawonjezera Marlys. "Msomali wako ndi uwo, ndakhoma kale."

Joan anayang'ana msomaliwo, watsopano, wonyezimira pakati pa makapu a anthu ena. Anayamba kuseka, kuseka mpaka misozi kutsika. Anapereka dzanja, Orrin n'kuliyeza mosamala ngati wagwira dzira. Kwa nthawi yoyamba chithawireni anamva kuti ali pakati pa anthu omuganizira. Anavula chikhoti n'kuchikoloweka pampando. Mumtima anati akafika kunyumba, chikwama chija akachimasula.

Marlys anabwera ndi khofi uja n'kuima pambali, manja ali m'chiuno, kudikirira. Joan anamwa osayang'ana, akupukutabe misozi.

Munali mkaka. Munali uchi, ndi sinamoni pang'ono.

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Mayi Marlys, wakuuzani ndani?"

"Iwenso, miyezi inayi kumamwa zowawa osandiuza? Amuna ako, munthu waulemu bwanji. Akuti anakuona chakumbuyo pa chithunzi chathu china, ndiye afika tikungotsegula. Ati ndisakuuze msanga, akufuna akudzidzimutse. Ndawapangira chokoleti yotentha ya Tessa, ndawalozeranso nyumba. Adzera msewu waukulu, pano ayenera kuti afika."