Mitsue pa Geti la Fakitale

Kutada, mayi Fusae adatuluka kukagula mankhwala a chifuwa a amuna awo, a Tokuji. Njira idadzera pa fakitale ya nsalu imene idatsekedwa kalekale, tauni n'kutsala ya nkhalamba zokhazokha.

Koma usiku umenewo makina ankalira m'katimo.

Pageti padaima Mitsue, mnzawo amene ankawomba naye nsalu, yemwe fumbi la thonje lidamupha akadali mtsikana. Nkhope yake idali yomwe ija, yachitsikana.

"Fusae iwe, wachedwatu," adatero Mitsue. "Fulumira, akapitawo angakalipe."

"Ndileke ndidutse, mnzanga. Amunanga akundidikira kunyumba."

"Kunyumba? Inetu ndawatsegulira geti posachedwapa."

Mayi Fusae adatchera khutu. Pakati pa phokoso la makinawo adamva kutsokomola kumene ankakudziwa bwino.