Madontho pa Laputopu ya Tamando

Gogo Elube anakhala pa benchi m'shopu ya Mudathir yokonzera makompyuta ku Old Town, manja ali pachifuwa ngati munthu wodikira zotsatira za magazi. Pa tebulo panali laputopu ya mdzukulu wawo Tamando, yakuda, yolemera, yakufa. Mwana wawo Lexon, bambo ake a Tamando, amene anazemba ku ofesi ku Capital Hill kuti adzaikonzetse, ankangoyang'ana wotchi.

Mudathir anali asanaikhudze n'komwe. Anali pa mkangano ndi makasitomala awiri za laputopu yatsopano imene mphekesera zake zinali zitadzaza tauni yonse.

"Akuti ndi yopyapyala ngati lezala," anatero wina wovala tayi. "Ukhoza kuilowetsa pansi pa chitseko."

"Bodza limenelo, achimwene," mnzake anatsutsa. "Nanga batire likhala pati?"

"Msuweni wanga wa ku Joni waiona ndi maso ake. Ilibe ndi pobayira fulashi pomwe."

"Msuweni wanu uja amaona chilichonse kupatula njira yobwerera kwawo," anatero Mudathir, onse n'kufa nako kuseka.

Gogo sanaseke. Nkhani yomweyi ndi imene inawagwetsera m'dzenje. Mwezi wathunthu Tamando sankakamba china kunyumba ku Area 14. Yopyapyala ituluka Disembala. Ayi, akuti Janyuwale. Yopyapyala siitentha, yopyapyala siilemera. Bambo ake ankangoyankha kuti, "Bola ikuyaka ili nayoyo."

Koma gogo ankaona zimene ophunzira saona. Mtsikana wamkulu wa ku yunivesite, kusiya chakudya pa tebulo n'kumaseka yekha ndi galasi! Chinthu chofunda chokha ngati chamoyo, chopumira m'nthiti! Iwo anachenjeza, Mulungu ndi mboni. Usachiike pa miyendo, udzasowa mwana. Usachitsegule kukamachita ziphaliwali. Usagone nacho chipinda chimodzi. Nanga ndani amamvera nkhalamba imene sinapondeko pakhomo la sukulu? Ndipo ngati chonenepachi chikumuyamwa mwana chonchi, chopyapyala chikubweracho si chidzangosiya mafupa okhaokha?

Ndiye Lachitatu m'mawa, onse atachoka, anatulutsa kabotolo ka madzi opemphereredwa kamene anakatenga kwa mneneri wina ku Kawale. Anavundukula chinthucho, n'kuwaza pa mabatani katatu akutchula dzina la mdzukulu wawo. Anatseka bwinobwino n'kupita kukaothera dzuwa, mtima uli m'malo.

Madzulo Tamando anakuwa kuchipinda. Laputopu siikuyaka! Lexon ataitsegula anapeza timadontho pakati pa mabatani. Maso onse anagwera Evelesi, mayi wogwira ntchito m'nyumbamo, amene amakolopa chipindacho tsiku ndi tsiku. Evelesi anagwada. Analumbira pa ana ake atatu. Sizinathandize. Zaka zisanu ndi chimodzi za ntchito zinathera m'jumbo imodzi ya zovala.

Atafika pa geti anatembenuka. "Agogo, mankhwala anu a shuga ali pamwamba pa filiji. A madzulo aja musamaiwale."

Gogo anangoyang'ana zala za kumapazi. Ankaopa mkwiyo wa mwana wawo yemwe, ankaopa kubwezedwa ku Mitundu kumene kulibe wowawerengera mapiritsi. Mantha ndi chilombo, ana inu, amakudyetsa mnzako iwe ukuona.

Masiku awiri chakudya sichinatsike pakhosi. Akatseka maso ankangoona jumbo ija ikulendewera pa geti. Lero anaumirira kukwera nawo galimoto, ati akufuna akaone zitenje kumsika wa Tsoka. Zitenje zanji? Ankangothawa nyumba imene pangodya iliyonse panali Evelesi.

Makasitomala aja atatopa ndi mkangano, Mudathir anakokera laputopu pafupi, n'kuitembenuza chafufumimba. Anayamba kumasula timisomali take.

"Ngati yapsadi," anatero Lexon mousa moyo, "basi, ndingomulonjeza mwanayu yopyapyala akuinenayo. Koma mayi uja asadzapondenso pakhomo panga."

Mawu amenewo anawalasa gogo pamtima. Anadziwa kuti Mudathir akangotchula madzi, geti la Evelesi latsekeka mpaka kalekale. Anaimirira.

"Bambo a Tamando."

"Khalani pansi, amayi, tikupita posachedwa."

"Evelesi alibe mlandu. Ndine. Ndinathira madzi a mneneri kuti chinthuchi chimusiye mwana."

Wa tayi uja anayamba kuwerenga mitengo ya machaja pa khoma ngati ndi nkhani yofunika kwambiri.

"Inu, amayi?" Lexon anavula magalasi. "Inu? N'kumangondiyang'ana ine ndikuthamangitsa munthu wosalakwa?"

"Ndinaopa, mwana wanga." Misozi inatsetsereka m'makwinya. "Ndibwezereni kumudzi ngati mufuna, ndikafere konko. Koma mayi uja mumuitane lero lomwe. Ana ake adya chiyani?"

Lexon anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma Mudathir anakweza dzanja. Anali atachotsa chivundikiro, akusuzumira m'kati ndi katochi.

"Pepani bwana, ndilowerereko. Muno simunalowe ngakhale dontho limodzi. Agogowa anangoisambitsa kumaso."

Analumikiza kawaya kamodzi, n'kudina batani. Galasi linawala.

"Ndipo ndaikumbukira iyi. Mtsikana mwini wake anabwera nayo Lachiwiri kuti ndimasule kawaya koyatsira. Ati ikhale ngati yafa mpaka adadi alonjeze yopyapyala ija."