Machapa Oyenda Chadodolido

Marcelina anali atachapa, kusambitsa mwana wake Zito, ndipo ankakolopa pamene chigongono chake chinagunda telesikopiyo, chipangizo choonera nyenyezi chimene mwamuna wake, Hélder, anagula dzulo lake. Chinagwera pasimenti, khu!

Anachidzutsa, kuchilozetsa ku mlatho wa Zambezi, n'kusuzumiramo. Machapa onse, maminibasi onyamula anthu, ankayenda chadodolido, matayala kumwamba.

Hélder atafika madzulo, Marcelina sanadikire n'komwe kuti avule nsapato.

"Bambo a Zito, ndachiwononga. Chikuonetsa zinthu mozondoka."

Hélder anasuzumiramo, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndi mmene chimaonetsera, mayi. Mwezi uli ndi mutu ndi miyendo ngati?"

Marcelina anakhala pampando, mtima nawo n'kukhala pansi.

"Ndiye munagula chozondoka kale, osanena? Ine pano tsiku lonse osadya!"