Khobidi la malemu Norio

Panali munthu wina mumzinda wa Osaka ku Japan, dzina lawo Bambo Kuwabara Shigeto, amene anapuma pa ntchito atakhala mkulu wa siteshoni ya sitima zaka makumi awiri. Anali munthu waukhondo ndi wosunga nthawi. Ngakhale malo a manda awo anali atadzigulira kale pakachisi wa kwawo, ndipo mwezi uliwonse ankapita kukatsuka mwala wake. Anali ndi mlamu wawo, Mayi Kuwabara Tomoe, mkazi wamasiye wa mng'ono wawo Norio.

Norio atamwalira, mtembo wake unatenthedwa monga mwa mwambo wa kumeneko, koma phulusa lake linakhala m'nyumba chaka chathunthu chifukwa Mayi Tomoe analibe ndalama zogulira manda. Posanthula katundu wa malemuyo, anapeza khobidi lapulasitiki lopakidwa golide, la mtundu uja osewera makadi amaponya m'mwamba kuti adziwe woyamba kusewera. Norio analipata pa mpikisano wa makadi zaka zambiri zapitazo. Linali m'kathumba komata, kofiirira ndi ukalamba, kokhala ndi chidindo chosaoneka bwino.

"Alamu, inu mumatha kulankhula ndi anthu," anatero Mayi Tomoe. "Kandifunsireni ngati kanthuka kali ndi mtengo."

Bambo Kuwabara anapita nalo ku Nipponbashi, kusitolo ya Mayi Hirose, katswiri woyesa makadi ndi makobidi otere, amene anaphunzira nawo kalasi imodzi. Mayi Hirose analiyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu, osatsegula kathumbako.

"A Shigeto, khalani pansi musanagwe. Makobidi a chithunzi ichi alipo miyandamiyanda, ana amangowataya kunsi kwa bedi. Koma a mpikisano uja anapangidwa makumi asanu okha. Timawadziwa ndi zinthu ziwiri: chidindo cha pakathumbaka, ndi timizere tosaoneka ndi maso tili m'golidemu. Ku Kobe kuli dokotala wa mano, a Anzai, akhala akusaka khobidi lotereli. Apereka ndalama zokwana mayeni mamiliyoni awiri, manda a Norio apezeka. Ndiwaitana abwere Loweruka. Koma mumve: musatsegule, musapukute."

"Kathumba konyansaka? Ndikapereke kwa munthu wolemekezeka ngati chotola m'ngalande?"

"Si mphatso ya ukwati iyi, bambo. Manja anuwo ndimawadziwa, kusukulu munkapukuta ndi choko chomwe. Sabata ino muwamange."

Bambo Kuwabara anaseka, nabwerera kwawo. Koma kathumbako kanawasowetsa mtendere. M'moyo wawo wonse anali asanaperekepo chinthu kwa munthu chili chakuda kapena chosakulungidwa bwino. Lolemba anatenga lumo nadula kathumbako. Ataona kuti golideyo wachita ngati chifunga, anatenga mankhwala amene ankapukutira mabatani a yunifolomu yawo. Mbali ina itayamba kuyera, anapukutanso mbali inayo kuti zifanane. Kenaka anagula kabokosi kokongola kamtengo, nayalamo nsalu yofewa. Kathumbako anakaika pamodzi ndi zinyalala zapulasitiki, ndipo Lachiwiri m'mawa anazitulutsa pa nthawi yake, monga mwa lamulo la mzinda.

Loweruka anafika kusitolo pamodzi ndi Mayi Tomoe. Dokotala Anzai anali atafika kale. Bambo Kuwabara anawerama, napereka kabokosiko ndi manja awiri.

Mayi Hirose anatsegula, nasuzumiramo.

"Kathumba kali kuti?"

"Ndinataya. Koma taonani mmene likuwalira."

Mayiyo anaika galasi padiso, natembenuza khobidilo kawiri. "Timizere tonse mwachotsa. Ili tsopano silisiyana ndi aja ali m'mbale apo, amene ndimagulitsa mayeni mazana atatu."

"Koma ndi lomwe lija! Munaliona nokha sabata yatha. Ingolembani kalata kuti ndi lenileni."

"Sabata yatha ndinaona khobidi la mpikisano. Limene lili patsogolo pangali sindikulidziwa. Kuti simunama ndikukhulupirira, koma dokotalawa akadzafuna kuligulitsa, adzaonetsa chiyani? Nkhope yanu? Dzina langa sindiika pa chinthu chimene sindingachiloze ndi chala."

Dokotala Anzai anaimirira, navala chipewa. "Kabokosika n'kabwino kwambiri," anatero mwaulemu, natuluka.

Bambo Kuwabara anaimbira foni a ofesi yotola zinyalala kufunsa za kathumbako. Anawayankha kuti za Lachiwiri zinapita kale kosungunula.

Mayi Tomoe sanalire ndipo sanakalipe. Anatola khobidilo, nalikulunga m'kansalu kawo ka m'manja.

"Alamu, ndinakutumani kukafunsa, sindinakutumeni kukachapa. Ili ndilisunga, ndi la mwamuna wanga. Koma Norio sagonanso pashelefu chaka china. Manda anu aja mumakawatsuka mwezi ndi mwezi, ndikhulupirira ndi oyera mokwanira. Mng'ono wanu alowa mmenemo. Inu muli ndi moyo, mudzafuna ena."

Mayi Hirose anati chiweruzocho n'cholungama.  Bambo Kuwabara anawerama mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda tebulo.

"Ndamva, alamu. Zikhale choncho."

Mwezi wotsatira wosema miyala analemba dzina la Norio pamwala uja. Bambo Kuwabara amapitabe kukautsuka.

Phunziro: Ukhondo ndi wabwino, koma suposa kumvera. Ukapita kwa wodziwa ntchito yake nakuuza kuti usakhudze, usakhudze, ngakhale chinthucho chikuoneka chonyansa m'maso mwako. Makamaka ngati mwini wake ndi wina. Paja Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Tumizani nkhaniyi kwa abale anu, makamaka aja manja awo sakhala phee.