Usiku Woyamba Kumwa Theka

Chimwalirireni mwamuna wake, mayi wina wosoka zovala sankagona popanda mapiritsi a tulo. Mayiyo atatopa nawo, adokotala anamuchenjeza kuti asasiye mwadzidzidzi, koma azichepetsa pang'onopang'ono iwo akumuyang'anira.

Usiku woyamba kumwa theka la piritsi, tulo sitinabwere. Anadzuka kukatseka zenera la kukhitchini limene linkamenyetseka ndi mphepo. Pobwerera anapeza bulangete litatukuka mbali ya kukhoma, m'chipinda monse mukununkhira sopo wometera ndevu.

"Lero ndiye ndakupezani muli maso, amake mwana," anatero mawu a mwamuna wake chapansipansi. "Masiku onsewa ndimangokufunditsani n'kubwerera."

Mayiyo anangoti chilili pakhomo, osadziwa kuti aseke kapena akuwe. Kenaka bedi linalira, ngati munthu akusendera kuti amupatse malo.